Maliro a Obwera

Tsiku limene Dailesi anaika mwamuna wake kunalibe nyimbo, kunalibe bokosi. Pamsewu panalibe ngakhale tsamba limodzi lodziwitsa odutsa kuti pano pagwa zovuta.

Inu amene mumafuna nkhani zolimbitsa mtima, iyi si yotsekemera. Komabe imveni.

Unali mwezi wa Febuluwale, fodya atakhwima m'munda, pa esiteti ina kuseri kwa Nsaru. Dailesi ndi mwamuna wake Lyson anali matenanti. Anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe ndi mwana wawo wamkazi Nellie, kudzalima fodya wa munthu wina, n'kumadya phoso la chimanga limene bwanayo ankapereka.

Lyson anali atauzapo kapitawo kuti mizati ya chigafa chake yadyedwa ndi chiswe. Anamuyankha kuti mitengo yatsopano ibwera chaka chamawa. Mvula itagwa yamphamvu, chigafacho chinalemedwa ndi udzu wonyowa, n'kugwa Lyson ali m'kati akupachika fodya.

Bwana, amene ankakhala mu Lilongwe, anaimba foni. Funso lake loyamba linali lakuti, "Fodya wanyowa wochuluka bwanji?"

Kapitawo, dzina lake Hilario, anatenga amuna ochepa n'kupita nawo kumabulugamu, kumalire a munda, kumene matenanti ankakwiriridwa akafa. Dzenje linalekeza m'chiuno. Lyson anamukulunga m'mphasa yomwe ankagonapo. Dothi lisanaphwe n'komwe, Hilario anayang'ana dzuwa.

"Pepani, amake Nellie," anatero. "Koma fodya sadikira. Wofuna kulira alire akusoka."

Dailesi analiradi akusoka. Masana a tsiku lomwelo anali pansi pa chigafa china, masamba a fodya pamiyendo, manja ali bii ndi utomoni.

Patangopita masiku ochepa, kutsidya kwa dambo kunamveka kulira. M'mudzi woyandikana ndi esitetiyo munafa munthu. Dailesi anaona ali m'munda: mudzi wonse unaima. Palibe anagwira khasu. Okwera njinga ankatsika akafika pamasamba oikidwa pamsewu, amuna n'kuvula zipewa. Nyimbo zinamveka mpaka madzulo.

Zimenezi zinamuwawa kuposa dzenje lofupika lija.

Atakumana pamjigo ndi mayi wina wamkulu wa m'mudzimo, a Nankhoma, amene ankatsogolera amayi pa maliro, Dailesi sanazungulire.

"Mayi, mwamuna wanga anafera pafupi pompa. Simunamve kodi?"

"Tinamva."

"Nanga bwanji sikunabwere ngakhale munthu mmodzi?"

A Nankhoma anatula ndowa pansi.

"Inu munabwerapo pa maliro a ndani kuno? Zaka zonsezi ife tikanyamula bokosi, inu obwera timakuonani muli weramu m'fodya. Ife timapita kwa amene amabwera kwathu."

"Satilola, mayi."

"Ndiye mukufuna chilolezocho tikakupemphereni ndife?"

Mawuwo anali owawa, koma Dailesi sanawataye. Anaona chimene bwana anachiona kalekale. Tenanti amene saloledwa kukhuza maliro alibe mnansi. Ndipo wopanda mnansi ukhoza kumuchita chilichonse, ali moyo ngakhale atafa.

Kubwerera ku Phalombe kunali kosatheka. Lole yowabweza inkabwera fodya akagulitsidwa, ndipo kwawoko munda unali utagawidwa kale pakati pa abale. Anatenga gawo la Lyson n'kumalima yekha ndi Nellie.

M'mudzi mutagwanso maliro ena, Dailesi anasiya khasu pamzere, n'kumanga chitenje, n'kutenga ndowa yake, n'kuwoloka dambo.

Musaganize kuti anamulandira ndi manja awiri. Amayi ananong'onezana mokweza kuti amve. "Wanunkhiza ndiwo ameneyu." Anamupatsa ntchito imene aliyense ankaithawa, yokwecha miphika ndi kutunga madzi kuchitsime chakutali. Pa nthawi ya chakudya palibe anamuitana. Iye anakwecha, anatunga, anaperekeza bokosi mpaka kumanda, n'kubwerera.

Hilario anamudikirira pakhomo.

"Anafawo ndi abale anu, eti?"

"Ayi."

"Ndiye phoso la sabata ino mukalandire kwa anamfedwa komweko."

Sabata imeneyo iye ndi Nellie anadya maungu osakhwima ndi nkhwani wopanda mchere.

Maliro otsatira, a khanda, anapitanso. A chidakwa china chimene ngakhale abale ake ankalira mwaulesi, anapitanso. Atamwalira mayi ake a Yahaya, mwini sitolo pa Nsaru, anayenda wapansi mpaka kumeneko, n'kukhala ndi amayi achisilamu pakhomo amuna atanyamula thupi. Nthawi iliyonse phoso linkadulidwa.

Matenanti anzake anamupatsa dzina lakuti Namaliro. Ena anafika ponena kuti munthu wokonda maliro a eni ake chonchi ndi mfiti, akufunako nyama. Amayi amene ankasoka naye fodya anayamba kuletsa ana awo kusewera ndi Nellie. Ovutika akafuna kuluma, amayamba ndi mnzawo amene ali pafupi.

Chilimwe chitafika, mitengo yatsopano ya zigafa inabweradi. Inachokera kumabulugamu kuja. Anaigwetsa yonse, anazula zitsa, thalakitala n'kudutsapo. Dailesi atathamangirako anapeza dothi lofiira lagalauzidwa kuyambira uku mpaka uko. Anayenda pamenepo akuyang'ana pansi, osadziwa kuti aime pati. Sanapapeze pamene panagona Lyson, ndipo mpaka lero sapadziwa.

Mvula itabwera anawokerapo fodya. Anakula kuposa wa m'munda wonse, masamba aakulu ngati a nthochi. Aliyense ankadziwa chifukwa chake. Pansipo panali ana a matenanti, akazi awo, abale awo. Ndipo anatumidwa kukapalira ndi iwo omwe.

Lamulungu lotsatira, Dailesi anayenda khomo ndi khomo m'tinyumba ta matenanti.

"Mumati ndine mfiti," anawauza. "Chabwino. Nanga amene wadzala fodya pa mwana wako, iwe n'kumakathira feteleza, ameneyo mumamutcha ndani?"

Anapitiriza.

"Sindikuti tithawe, kapena tiotche chigafa. Ndikuti kutsidyaku kukagwa maliro, tizipita mosinthana. Lero awa, mawa awo. Otsala agwire mzere wa amene wapita. Akamudulira phoso, tonse titapeko pang'ono m'thumba mwathu. Anthu aja atidziwe nkhope."

Ambiri anangoyang'ana pansi. Woyamba kuvomera anali a Clement, bambo wokalamba wochokera ku Mulanje, amene anathera moyo wake wonse akusamuka esiteti iyi kupita iyo. Analibe mkazi, analibe mwana, mano anali atatsala ochepa.

"Ine ndipita," anatero. "Phoso langa ndi kale lomwe limandikanika kutafuna."

Pa maliro otsatira, omwe anali a alamu awo a Nankhoma, a Clement anapita molunjika kumanda, kumene adzukulu, amuna okumba manda, anali atayamba ntchito. Adzukuluwo anawaseka.

"Madala, kuno si kunazale. Mugweramo tikukwirireni limodzi!"

"Ndiye mwandipeputsira ulendo," anayankha a Clement, n'kulandira khasu.

Anakumba akutsokomola, koma anakumba. Kuyambira pamenepo matenanti anayamba kuwoloka dambo, pang'onopang'ono, mwamantha. Amayi ankanyamula nkhuni, amuna makasu. Hilario ankadula phoso, koma njala imene agawana anthu ambiri sinkaopsanso ngati kale. A Nankhoma anasiya kunena kuti "obwera aja" n'kuyamba kunena kuti "amake Nellie". Koma palibe tenanti anali atamwalira chiyambire zimenezi, ndiye palibe ankadziwa ngati mudziwo udzabwezadi.

Chifuwa cha a Clement chinakula mvula ili pakati. Dailesi ankawapitira ndi phala. Tsiku lina anamugwira dzanja.

"Amake Nellie, kwathu kulibe wondikumbuka. Kumabulugamu kulibenso. Andiika kuti ine? M'ngalande?"

"Simudzagona m'munda wa fodya, bambo."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Analonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwake.

A Clement anamwalira m'mawa, fodya ali pachimake pothyola. Hilario anaimbira bwana, n'kubwera ndi yankho. Dzenje likumbidwe kuseri kwa chulu, pafupi ndi potayira zinyalala. Amene atuluke m'munda lero akwera lole lero lomwe, fodya wake n'kutsala.

Dailesi anawoloka dambo madzi akulekeza m'chiuno. Anawapeza a Nankhoma akusenda chimanga chachiwisi pakhonde. Anagwada.

"Mayi, kwathu kwagwa zovuta."

"Ndani?"

"A Clement."

"Ndi abale anu?"

"Ayi. Ndi aja anakumba nawo manda a alamu anu."

A Nankhoma anayang'ana chimanga chili m'manja.

"Manda si anga, mwana wanga. Ali ndi eni ake, ndipo obwera sitinawaikepo pamenepo chiyambire. Ndikalankhula nawo. Sindikulonjeza kanthu. Pitani."

Dailesi anabwerera yekha. Atafika pachipata cha esiteti anathyola nthambi za mtengo n'kuziyala pamsewu. Chiyambire esitetiyo, pachipata chimenecho panali pasanagonepo masamba a maliro.

Hilario anabwera n'kuzikankha ndi nsapato. Dailesi anazitola n'kuziyalanso. Anazikankhanso. Anaziyalanso.

"Amake Nellie, muli ndi mwana. Ganizani bwino."

"Ndaganiza kale. Ndikufuna adzadziwe pamene ndidzagone."

M'munda matenanti anali ataima pakati pa mizere. Sankathyola, komanso sankatuluka. Maso awo anali kudambo. Dzuwa linakwera. Kudambo kunali zii. Amuna awiri amene Hilario anawatuma kuchulu anali atayamba kale kukumba. Mayi wina anakuwa ali m'fodya, "Namaliro, abale ako aja ali kuti? Watiphetsa ndi njala pachabe!"

Dailesi anakhala pansi pafupi ndi masamba ake.

Dzuwa litafika pamutu, nyimbo inamveka. Kenako anthu a m'mudzi anaoneka akutuluka m'bango, zovala zitanyowa. Amayi anasenza ndowa, nkhuni ndi malichero a ufa, a Nankhoma ali patsogolo. Kumbuyo kunali amuna ndi makasu, ena atanyamula bokosi lokhomedwa ndi matabwa a chitseko chakale, loko wake akadali pomwepo.

Hilario anaima pakati pa chipata. Iyeyu anali mwana wa m'mudzi womwewo, ndipo mkulu wa adzukulu, a Nasoni, anali malume ake.

"Malume, muno ndi mwa eni ake. Bwana wakaniza."

"Vula chipewa, Hilario. Waponda masamba."

"Malume, ntchito yanga itha."

"Chabwino. Sunga ntchito yakoyo. Koma mayi ako, mlongo wanga, akudwaladwala, ukudziwa. Tsiku lawo likadzafika, udzaitane thalakitala ya bwana wakoyo idzakumbe. Ife makasu athu adzakhala atathyoka mipini."

Munthu wa kuno amatha kupirira umphawi, ngakhale ndende. Koma kukumba wekha manda a mayi ako, mudzi wonse utakhala pamthunzi ukukuonerera, palibe amene angazipirire. Hilario anayang'ana foni yake, anayang'ana malume ake. Anavula chipewa, n'kupatuka.

Pamenepo matenanti anatuluka m'munda. Woyamba anali mayi uja anakuwa.

A Clement anasambitsidwa, anaimbiridwa, ananyamulidwa pamapewa kuwoloka dambo. Anaikidwa m'manda a mudzi, m'dzenje lakuya loti wokumba amachita kukokedwa potuluka. Munthu amene analibe wachibale anaperekezedwa ndi khamu loti ena ankaimirira kunja kwa mitengo ya kumanda. Tsiku limenelo fodya sanathyoledwe, ndipo masamba ena anapserera pamtengo.

Mukuyembekeza kuti bwana anachita manyazi? Sanachite. Sakanatha kuthamangitsa anthu onse fodya ali m'munda, choncho anathamangitsa mmodzi. M'mawa mwake lole inatsitsa Dailesi ndi Nellie pamsewu pa Nsaru, ndi mtolo wa zovala ndi miphika. Fodya yense amene analima chaka chimenecho anatsala m'chigafa. Pamene lole inkatuluka pachipata, anzake amene anayenda naye dzulo lake anali weramu m'mizere. Amene anadzutsa mutu anali owerengeka. Nawonso anali ndi ana.

A Nankhoma anamupatsa kakhitchini kogonamo. A Yahaya anamulemba ganyu yoswa mtedza kuseri kwa sitolo yawo, ndipo zala zake zinatuluka matuza mpaka zinauma ngati chikopa. Nyengo imeneyo inali yowawa kwambiri. Panali masiku amene Dailesi ankayang'ana Nellie akugona ndi njala n'kumadzifunsa ngati manda a nkhalamba ya eni ake anali oyenera zonsezi.

Koma nkhani inayenda. Matenanti amasamukasamuka, ndipo amanyamula nkhani pamodzi ndi mphasa zawo. Tsiku lina kuseri kwa sitolo kunafika amayi awiri ochokera ku esiteti ina ya ku Kabudula.

"Tikufuna a Namaliro."

"Ndine. Mwabwera kudzanditukwana kapena kudzaswa mtedza?"

"Tabwera kuti mutiuze mmene munachitira."

Anawauza, ndipo Lamulungu lotsatira anapita nawo. Kenako anaitanidwa ku Kasiya, kenako ku Nambuma. Ankayenda wapansi, akapeza mwayi pa kabaza. Kwina ankamuthamangitsa ndi agalu. Kwina matenanti eni ake ankamutsekera zitseko, kuopa kuonedwa naye. Kwina mudzi unkakana ndithu, n'kunena kuti manda athu ndi ochepa. Iye ankabwerera, n'kudzapitanso.

Ndipo panachitika chinthu chimene ngakhale iye sanachiganizire. Bwana akhoza kuletsa msonkhano, koma maliro sangawaletse mudzi ukawafuna. Pa maliro anthu amakhala tsiku lonse, ndipo amalankhula. Potunga madzi ndi pokumba manda, matenanti a maesiteti osiyanasiyana anayamba kufunsana. Kwanu zigafa zili bwanji? Kwanu popopera mankhwala amakupatsani chotseka pamphuno? Ana anu amapita kusukulu nthawi yosoka? Eni mudzi nawo ankamva, ndipo ambiri mwa iwo ankagwira ganyu m'maesiteti momwemo. Madandaulo amene aliyense ankaganiza kuti ndi ake yekha anapezeka kuti ndi a onse.

Lero pali gulu la ogwira ntchito m'minda ya fodya kuyambira ku Nsaru mpaka ku Nambuma, ndipo wapampando wake ndi Dailesi, mayi amene sukulu analekeza ku pulayimale. Mvula isanayambe, anthu ake amayendera zigafa, n'kugwedeza mzati uliwonse. Chikakhala chofumbwa, palibe amalowamo mpaka chikonzedwe. Munthu akavulala, amamunyamula kupita kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira foni ya ku Lilongwe. Akamwalira, masamba amagona pachipata ndipo ntchito imaima. Mudzi uja unamupatsa malo, anamangapo nyumba ya njerwa zootcha, ndipo Nellie anamaliza Fomu 4.

Koma musaombe m'manja msanga. Lamulo linathetsa utenanti, inde, koma mabwana ambiri anangosintha dzina, lole n'kukhala yomweyo. Alipo maesiteti amene gululi silinalowemo, kumene munthu amakwiriridwabe mofulumira kuti anzake abwerere kumzere. Pa esiteti imene zonsezi zinayambira, Dailesi saloledwa kuponda mpaka lero. Bwana uja anagula galimoto ina yatsopano. Sanapepesepo, ndipo palibe anamufunsapo za chigafa chimene chinapha munthu.

Mtsikana wina wa m'gululi anamufunsa Dailesi tsiku lina akuchokera ku Kabudula.

"Amayi, bwana uja ndi kapitawo wake munawakhululukira?"

"Ayi."

"Nanga abusa amati chiyani?"

"Amati ndikhululuke. Ndinawauza kuti wolakwayo akadzabwera kudzapepesa, adzandipeza. Pakhomo panga amapadziwa. Fulumira, mvula iyo."

Inu amene mukuwerenga, mwina muli pa ntchito imene amakuwerengerani limodzi ndi makasu. Mwina munauzidwa kuti kupirira ndiko kukhala chete. Amene anakuuzani zimenezo amadya bwino chifukwa cha chete wanuyo. Palibe adzabwere kuchokera kutauni kudzakumverani chisoni. Yang'anani amene ali pafupi nanu, ngakhale amene amakunyozani, mupite pa tsoka lawo musanawaitane pa lanu. Adzakusekani. Mudzataya zina zimene simudzazipezanso, ndipo ena amene mukuwamenyera nkhondo sadzadzutsa n'komwe mutu tsiku limene muzidzathamangitsidwa.

Pitanibe. Mtima uwawe, ukwiye ngati ukufuna, koma osautaya.